Za Attila zija wafunsazi msuweni

Eee msuweni, ndaona funso lako mu gulupumu, loti kodi anthu a ku Hungary ndi zidzukulu za Attila. Iwe ndimakudziwa bwino, Attila ulibe naye ntchito, ukufuna ndikuuze ngati ulipire ka DNA test kaja. Ndanama? Hehe.

Chabwino, Attila, mfumu ya ma Huns, anamwalira mu 453, a Magyar, makolo a anthu a ku Hungary, anafika kumeneko cha m'ma 895, pakatipa panadutsa anthu enanso, ma Huns atabalalika kunabwera ma Avar mu 568. Ndiye asayansi anayeza mafupa a m'manda awo nkupeza kuti akuluakulu a ma Avar magazi awo ndi a ku Mongolia kwenikweni... dikira kaye, ukuwakumbuka amalume a ku Ntcheu pa chiliza cha agogo chija? Anafika atavala nthini kumutu, chishango chachikopa chija chodyeka ndi njenjete m'mbalimu, chibonga m'manja, ana tonse kuthawira kuseri kwa nkhokwe, iwe ndi amene unalira kwambiri usakane. Anavina ngoma mpaka fumbi kulowa m'mapoto, azakhali kukalipa, iwo osamva. Madzulo wina, mmm sindimutchula, anawauza kuti inu amayi anu anali Mchewa wa ku Dedza, Chingoni simuchitha, ungoni wake uti. Amalume sanakwiye ayi, anangokhala pa mpando paja nkuyamba kutchula mayina a makolo mmodzimmodzi mpaka kuwoloka Zambezi, mawu akunjenjemera. Ine zinandikhudza kwabasi tsiku limenelo.

Ndimati chani... eya ma Avar. Kufupi ndi Vienna ku Austria kuli manda awiri, Leobersdorf ndi Mödling, midzi yoyandikana, maikidwe a maliro ofanana, malamba ndi ndolo zofanana, koma a ku Leobersdorf magazi a kum'mawa kwa Asia, a ku Mödling a ku Ulaya komweko. Onsewo ankakhala ngati ma Avar. A ku Hungary a lero magazi amafanana kwambiri ndi aneba awo, koma chilankhulo chawo, iii, abale ake ali ku Siberia, a Mansi ndi a Khanty.

Ndiye magazi ndi mtundu siziyendera limodzi nthawi zonse msuweni. Test ikuuza za magazi basi, ayi ndinene bwino, ikupatsa ma peresenti, koma zoti ndiwe Mngoni kapena ayi siingakuuze. Ukafuna yezetsa, ndalama ndi zako, koma ungoni wakowo sutuluka pa pepala limenelo. Uwapatse moni alamu.