Funsani Mkonzi: Kutumiza Zolemba ku Magazini a pa Intaneti

Funso: A Mkonzi, ndimalemba ndakatulo ndi nkhani zopeka zifupizifupi ndipo ndimaziika pa Facebook. Mnzanga wandilangiza kuti ndizizitumiza ku magazini a zolembalemba amene amatuluka mwezi ndi mwezi pa intaneti. Kodi ndipindula chiyani, popeza anthu akuwerenga kale zolemba zanga? Mphunzitsi, Ntcheu.

Yankho: Aphunzitsi, mnzanuyo wakulangizani bwino. Chimene magazini ali nacho, chomwe tsamba lanu la pa Facebook lilibe, ndi mkonzi amene sakukudziwani, amene sachita manyazi kukuuzani kuti ndime yachiwiri ya ndakatulo yanu ikungobwereza yoyamba, kapena kuti nkhani yanu yatha mofulumira mpangankhani asanakhwime. Abale ndi anzathu amatiyamikira chifukwa amatikonda, ndipo chikondi chotere n'chabwino, koma sichinola luso. Kagulu ka alembi kamene kanayamba kukumana ku Chancellor College mu 1970 kanatulutsa alakatuli odziwika chifukwa mamembala ake ankawerengerana zolemba n'kumadzudzulana mosabisa mawu. Magazini abwino amagwira ntchito yomweyo, kungoti mkonziyo akhoza kukhala ku Nairobi kapena ku Lagos inu muli ku Ntcheu komweko.

Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi chimene chimapweteketsa alembi ambiri atsopano. Akonzi ambiri amafuna zolemba zomwe sizinatulukepo kwina kulikonse, ndipo chimene mwaika poyera pa Facebook ambiri amachiwerengera kuti chinatuluka kale. Mipikisano nayo ili ndi malamulo osiyana. Wa Commonwealth Short Story Prize umalandira nkhani zosasindikizidwa zokha, za mawu apakati pa 2,000 ndi 5,000, pamene wa Caine Prize, umene unapereka mphoto yake yoyamba mu 2000, umafuna nkhani ya m'Chingerezi yosindikizidwa kale ndipo woitumiza amakhala wosindikizayo, osati mlembi. Choncho nkhani imene mukuidalira kwambiri isungeni kaye mpaka mutasankha komwe mukufuna kuti ipite.

Funso: Magazini ena andiuza kuti ndilipire ndalama kuti ndakatulo yanga ituluke. Ndikuopanso kuti ndikatumiza, umwini wake uchoka m'manja mwanga. Ndichite bwanji? Mlakatuli wachinyamata, Chirimba, Blantyre.

Yankho: Musalipire, achimwene. Magazini ambiri a pa intaneti amayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, motero ena salipira mlembi kalikonse, ndipo zimenezi n'zomveka bola anene poyera. Alipo ena akunja amene amalipiritsa kandalama kochepa kowerengera zolemba popanda kulonjeza kuti azitulutsa, ndipo ngakhale ameneŵa sindingakulimbikitseni kuyambira kwa iwo. Koma amene akugulitsa malo kwa aliyense wolipira sakusankha zolemba chifukwa cha ubwino wake, ndipo dzina lanu silikwera potulukira kumeneko.

Pa za umwini, ndakatulo imakhala yanu kuyambira pamene mwailemba, ndipo lamulo la Copyright Act la 2016 limakutetezani. Chimene mumapatsa magazini ndi chilolezo chabe, kaŵirikaŵiri choti akhale oyamba kuitulutsa ndi kuisunga patsamba lawo. Werengani mofatsa mfundo zawo musanatumize, ndipo mukaona mawu onena kuti umwini wonse ukupita kwa iwo, kanani, chifukwa tsiku lina mudzafuna kusonkhanitsa ndakatulo zanu m'buku. Sungani imelo imene munatumizira pamodzi ndi yankho lawo monga umboni. Bungwe la COSOMA, lomwe limayang'anira za umwini wa ntchito zaluso m'dziko muno, komanso la Malawi Writers Union, angakuunikireni wina akagwiritsa ntchito zolemba zanu popanda chilolezo.

Funso: Kodi magazini a pa intaneti amalandira zolemba za m'Chichewa ndi zojambula pamanja? Wojambula, Mchinji.

Yankho: Zojambula zimafunika kwambiri, makamaka za pachikuto, popeza mwezi uliwonse pamafunika chatsopano, choncho tumizani chithunzi chowala bwino, mutchule mutu wake ndi zipangizo zimene munagwiritsa ntchito. Za Chichewa ndiye zimandiwawa mtima, chifukwa magazini ambiri otere amatuluka m'Chingerezi ngakhale kuti olankhula chinenero chathu ndi mamiliyoni ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Ena amalola ndakatulo ya m'Chichewa ikatsagana ndi kumasulira kwake, choncho lemberani mkonzi kalata yaifupi yomufunsa musanatumize, ndipo mutchule dzina la womasulirayo ngati si inu nomwe.