Mwana wachedwa kulankhula, bambo ake amaphwasula mabatire pakhomo

Mayi wina wanditumizira imelo. Amuna awo amaphwasula mabatire akale a galimoto pakhonde, ndipo mwana wawo wa zaka zinayi sanayambe kulankhula bwinobwino. Achibale akuti walodzedwa. Mayiwo akufunsa ngati mabatirewo angakhale gwero la vutoli.

Mayi, n'zotheka ndithu. M'kati mwa batire muli mtovu. Akaliphwanya, fumbi lake limatsalira pansi, pa zovala ndi m'zikhadabo. Mwana akamakwawa pamenepo, n'kutola chidutswa cha mbatata chomwe chagwa n'kuponya m'kamwa, wameza mtovu. Thupi la mwana limayamwa mtovu kuwirikiza kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo umakawononga ubongo umene ukukula kumene. Chowawa n'chakuti nthawi zambiri mwanayo saoneka wodwala. Amangochedwa kulankhula, sachedwa kuiwala, kusukulu n'kumatchedwa mbuli. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene uli wabwino, ngakhale wochepetsetsa.

Anzathu a ku Kabwe ku Zambia akulidziwa bwino vutoli. Mgodi wa mtovu kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a ku Kasanda, Chowa ndi Makululu akusewera pa dothi la poizoni.

Komatu kuchedwa kulankhula kuli ndi zifukwa zinanso, monga kusamva bwino kapena malungo a mu ubongo. Choncho pitani naye kuchipatala, mukawauze adokotala ntchito ya bambo ake mosabisa, ndipo mukafunse komwe angayezedwe mtovu m'magazi. Makutu akamuyezenso.

Musadikire zotsatira. Ntchitoyo ichoke pakhomo lero. Ndikudziwa kuti ndi imene ikubweretsa ndiwo, sindikuti asiye, koma akagwirire kutali ndi ana. Akaweruka asambe ndi kusintha zovala asananyamule mwana, zovalazo muzichapa pazokha. Pakhondepo muzikolopa, kusesa kumangouluza fumbi. Mwanayo muzimupatsa usipa wodya ndi minga yomwe, nyemba ndi bonongwe, chifukwa mwana woperewera ayironi ndi kashiamu amayamwa mtovu wambiri. Ngati inu muli oyembekezera, samalani kwambiri, umafika ndi kwa mwana wa m'mimba.

Ndisakunamizeni, zomwe mtovu wawononga kale mu ubongo sizibwerera, ngakhale mankhwala ochotsa mtovu amene amaperekedwa ukachuluka kwambiri sazikonza. Koma mwana wa zaka zinayi akadali ndi zambiri zoti aphunzire. Muzicheza naye, muzimuimbira, mumuyambitse sukulu ya mkaka, ndipo aphunzitsi ake muwafotokozere kuti asamamukalipire akachedwa kugwira zinthu.