Za Lettow-Vorbeck, mkulu wa nkhondo amene amati sanagonje

Owerenga wina wanditumizira imelo kuti: "Achimwene, agogo athu ankakonda kutchula Mjeremani wina wa nkhondo ya Chiwaya amene Angerezi analephera kumugwira. Anali ndani ameneyu, ndipo n'zoona kuti sanagonje?"

Ameneyo ndi Paul von Lettow-Vorbeck, anabadwa 1870, ndiye ankatsogolera asilikali a Germany ku Tanganyika pomwe nkhondo ya Chiwaya, yomwe ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imayamba mu 1914. Zoti sanagwidwe n'zoona. Pa doko la Tanga mu November 1914 anathamangitsa gulu lalikulu la Angerezi lomwe linabwera pa sitima kuchokera ku India, ngakhale anali ndi anthu ochepa zedi. Kenako anazindikira kuti maso ndi maso sangalimbe, ndiye anayamba zomenya n'kuthawa, kuphwasula njanji ya ku Kenya, kutenga mizinga ya sitima ya nkhondo ya Germany yomwe inamira yotchedwa Königsberg n'kumaikoka pamtunda, cholinga chake chinali choti Angerezi azingotaya asilikali ndi ndalama kuno m'malo mowatumiza ku Ulaya. Ku mbali ya Angerezi, General Smuts anamusaka mu 1916, General Northey naye anachokera mbali ya kuno kwathu, koma ayi ndithu.

Mu November 1917 anawoloka mtsinje wa Ruvuma kulowa Mozambique, n'kulanda mfuti ndi zipolopolo za Apwitikizi pa Ngomano. Anazungulira chaka chathunthu mpaka kukatulukira ku Zambia, ndipo uthenga woti nkhondo yatha unamupeza pafupi ndi mtsinje wa Chambeshi. Zida anakatula ku Abercorn, komwe lero timati Mbala, pa 25 November 1918, patatha masabata awiri ku Ulaya atasiya kale.

Koma ine pamene ndimasiyana ndi omutamanda ndi apa. Munthuyu analibe malole, chakudya ankalanda m'midzi momwe wadutsa, nkhokwe kusesa, minda kuwononga kuti omutsatira asapeze kanthu, amuna kuwagwira kuti asenze katundu. Angerezi nawo pomuthamangitsa anachita zomwezo kwa ife. Ku Nyasaland kokha amuna pafupifupi 200,000 anatengedwa kukakhala amtengatenga, ambiri mokakamizidwa kudzera mwa mafumu, ndipo ambiri anafa ndi kamwazi, malungo ndi njala osati chipolopolo ayi. John Chilembwe anali atadandaula kale za zimenezi m'kalata yake ya mu 1914, nkhondo ya pa Karonga ya Angerezi ndi Ajeremani itangochitika. Mwina agogo anuwo anali mmodzi mwa osenzawo, funsani bwino kumudzi.

Komanso musaiwale kuti asanabwere kuno anamenya nawo nkhondo yopha Aherero ndi Anama ku Namibia mu 1904, ndipo atabwerera kwawo analowa nawo m'chiwembu cha Kapp chofuna kugwetsa boma mu 1920, ntchito ya usilikali n'kuthera pomwepo. Anamwalira ku Hamburg mu 1964, chaka chomwe tinalandira ufulu, ndipo m'chaka chomwecho m'pamene boma la West Germany linalipira ma askari ake, asilikali achikuda, omwe anali adakali moyo. Masiku ano ku Germany kuli mizinda ina yomwe yafufuta dzina lake pa misewu.