Kwa msuweni wa ku Joni, za "mnzake" wofuna kusiya fodya

Halo... ikujambula iyi? Eya. Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Azakhali, ndakuonani kuti mwatsegula foni, musachoke, nkhaniyi inunso muli momwemo. Pepani phokosolo, magetsi angoyaka kumene ndiye anyamata akuthamangitsana ndi matabwa. Taimani ndituluke kaye... eya, apa bola.

Ndiye iwe msuweni. Ndaona zimene walemba usiku. Ndiwerenge bwinobwino anthu amve. Wati, "Abale, kodi timapepala tomata pakhungu tija tothandiza kusiya fodya timagwiradi ntchito, nanga ndi ndalama zingati? Pali mnzanga wina kuntchito akufunsa." Mnzako. Hehe. Mnzako ameneyu, aise, akukhala mu Johannesburg momwe famase ili pakona iliyonse, koma mtengo akufunsa kalipentala wa ku Mchesi? Komanso walemba 2 koloko usiku. Sagona mnzakoyo eti? Chabwino, tizimutchula choncho. Mnzako.

Ukudziwa wandikumbutsa ndani? Amalume. Osati a ku Mponela ayi, iwo aja sanasutepo, vuto lawo ndi lija mukulidziwa nonse. Ndikunena malemu, achipewa aja. Iwe unawapeza atakalamba kale, ali phee pakhonde, ndiye umaona ngati anabadwa choncho. Iii, ayi.

Iwo fodya anakamuphunzira ku Wenela, kumigodi, komweko kuli iweko. Anabwerako pambuyo pa ngozi ya ndege ija inagwa ku Francistown mu 1974, imene inapha anyamata athu ambirimbiri, Kamuzu n'kuletsa zoti anthu azipitanso. Ankakonda kunena kuti "ndege imeneyo ndikanakwera ine." Koma pajatu aliyense wobwera ku Wenela ankatero, moti ikanakhala ndege ya anthu sauzande. Anabwera ndi wailesi, bulangete, jekete lija la mabatani achitsulo, ndi chibaba. Zina zonse zinatha, chibaba chokha chinatsala. Ndalama za ndudu za m'sitolo zitatha anagwera chingambwe, kumapichira m'nyuzipepala. Nyuzi ikasowa, kope langa la masamu. Ndili Sitandade 4... ayi, 5, chifukwa chinali chaka chimene achemwali anapita ku Salima kuja. Aphunzitsi kundifunsa kuti long division ili kuti, ine n'kulephera kunena kuti amalume asuta.

Kenako anakalowa utenanti ku esiteti ku Kasungu, kulima fodya wa bale. Apa tamvetsera, chifukwa yankho la mnzako likuyambira pamenepa. Nyengo yothyola ankalawirira m'munda masamba akadali onyowa ndi mame, n'kumawakupatira pachifuwa, malaya onse chonyowa. Pofika kuchigafa masana, chizungulire, nseru, kusanza. Iwo ankati ndi malungo. Azakhali akulu ankati ndi anthu aja a nkhani ya malire a dimba, sinditchula. Koma amalume anazindikira chinthu chimodzi: masiku othyolawo chingambwe sankachifuna n'komwe. Ndadzamva ndili wamkulu kuti chinali chikonga. Tsamba likanyowa chikonga chimasungunuka n'kulowera pakhungu, munthu n'kukhuta fodya osasuta. Ana ambiri a matenanti amadwala zomwezo. Tsono timapepala tako tija... pepa, ta mnzako tija, timagwira ntchito njira yomweyo, kungoti chikongacho anachiyeza, chimalowa pang'onopang'ono, ndipo mulibe utsi. Utsiwo ndi umene umawononga mapapo ndi mtima.

Koma taima, sindinamalize za amalume.

Atabwerera kumudzi anadwala chifuwa chachikulu. Kuchipatala cha mishoni anawauza mosabisa kuti bambo, mukapitiriza fodya mankhwalawa tikungotaya. Nthawi yomweyonso kumpingo ankafuna kuwasankha ukulu. Ndiye analengeza kuti basi, ndasiya. Azakhali akulu anapha tambala. Tonse tinadya, ine ndinapatsidwa khosi.

Kusiya kwake kunali kotani? Kathumba ka chingambwe anakasomeka m'denga la nkhokwe, chakumbuyo. Dzuwa likangopendeka, "ndikaone mbuzi." Tsiku lililonse kukaona mbuzi. Mbuzi zake zinali zitatu, koma zinkaonedwa kuposa ng'ombe za a nyakwawa. Pobwera akutafuna masamba a mandimu, kumwetulira ngati palibe. Ndipo chimene chimandiseketsa mpaka lero n'choti tonse tinkadziwa. Azakhali akulu ndi amene ankachapa malaya, iwo alibe mphuno? Ife ana tinkatola tizidutswa pansi pa nkhokwe. Koma ndani akanatsegula pakamwa kuuza mwini mbumba kuti mukunama? Ndiye iwo kubisala, ife kunamizira kusaona, mpaka dzinja linadutsa, lina n'kudutsanso, chifuwa chikungolira usiku.

Tsiku lake linali mu Okutobala, kukutentha koopsa, udzu uli gwaa. Ali kuseri kuja angoyatsa kumene, anangomva belu la njinga, abusa atulukira. Mwa mantha anangosomeka chingambwe chija m'denga, choyaka, n'kuthamangira kukalandira njinga. Akhala pansi, malonje ayamba, "kaya kunyumba," "kaya amayi"... abusa n'kufunsa kuti kodi kuseriko mukuotcha chiyani? Azakhali, ndikudziwa mukuseka, inu ndi amene munataya ndowa pothamanga. Nkhokwe yonse psiti. Chimanga cha chaka chathunthu. Chaka chimenecho mukukumbuka kumene tinkakapempha gaga, ndi zimene anatiyankha.

Mmawa mwake anatiitana tonse pansi pa mango paja, ana omwe. Sanazungulire. Anati nkhokwe ndawotcha ndine, ndipo fodya sindinasiyepo ngakhale tsiku limodzi. Azakhali akulu anangoti, "Timadziwa." Basi. Amalume anakhala kaye chete, kenako n'kufunsa kuti nanga tambala uja munapheranji?

Ndiye anasiyadi kuyambira pamenepo. Mbuzi anazisiya m'manja mwathu, kuseri kuja madzulo sanapondenso. Dzuwa likapendeka ankakhala pakhonde pomwe aliyense akuwaona, akuluka mphasa kuti zala zisasowe chogwira, nzimbe ili pambali. Masabata oyambawo anali aukali, ee, wailesi ya ku Wenela ija inathera pamenepo, anaimenya chifukwa inkalira mokanda. Chibaba chikawagwira ankanena mokweza, "amayi, chandigwira," azakhali akulu n'kuwapatsa chikho cha madzi kapena mtedza woti asende. Paukwati wa achimwene ku Dowa anasutako kamodzi, wina anawapatsa. Usiku womwewo anakadzinenera okha, mmawa n'kupitiriza pomwe anasiyira. Anafika poona zidzukulutudzi, iwe wemwe anakunyamulapo.

Eee... ndimati chiyani? Eya, timapepala.

Timathandiza, muuze mnzako. Amamata kamodzi mmawa pakhungu louma lopanda cheya, pamkono kapena pachifuwa, mawa kusintha malo kuti pasayabwe. Tambiri timabwera magawo atatu, 21, 14 ndi 7 mg, munthu amayamba malingana ndi ndudu zimene amasuta patsiku n'kumatsika kwa miyezi iwiri kapena itatu. Palinso chingamu yake, imeneyo sutafuna ngati ya ana, umatafuna pang'ono n'kuisunga kutsaya. Wa ku famase amufotokozera, ndipo anene zoona za ndudu zimene amasuta, komanso ngati ali ndi BP, paja kubanja kwa... kwa mnzakoyo BP ndi yosasowa. Mtengo akafunse komweko, koma awerengerenso zimene amasiya ku spaza, timaokala ta kumeneko tija, pamwezi pogula imodzi imodzi, chifukwa kugula kotereku kumanamiza, umaona ngati susuta kwambiri poti paketi sunagule.

Masiku atatu oyamba ndi amene amawawa, sabata yoyamba yonse ndi nkhondo, kusowa tulo, kupsa mtima, njala yosatha. Pakatha masabata awiri mpaka anayi thupi limayamba kukhazikika. Ena amatsokomola kwambiri poyamba, asaope, ndi mapapo akudziyeretsa. Chibaba chenichenicho sichikhalitsa, mphindi zochepa chabe chimadutsa, usute usasute. Chili ngati galu wa pabutchala, ukamuponyera fupa kamodzi mawa umupeza pakhomo. Ine ndinasiya chaka cha madzi osefukira chija, 2015, koma mpaka pano ndikamwa tiyi wa 10 koloko dzanja limapita lokha m'thumba la malaya. Ndiye pamenepo ndimasungapo pensulo. Komanso madokotala amati wosiya asanakwane zaka 40 amapewa pafupifupi ngozi yonse yofa ndi matenda a fodya, 9 pa 10. Iwe uli ndi zingati, 36? 37? Mnzakoyo ndiye kaya, mwina ndinu a chaka chimodzi.

Tsono msuweni, ndisiye kuseka. Pamaliro a agogo mu Disembala, usiku uja anthu akuimba pasiwa, ndinapita kuseri kwa bafa kukatenga nkhuni. Ndinaona kamoto kofiira mumdima, ndipo nsapato zoyera zija pamudzi ponse unavala ndiwe wekha. Sindinanene kanthu. Unali utataya agogo amene anakulera, sinali nthawi yake.

Iwe unasiya mu 2020, pamene boma la kumeneko linaletsa kugulitsa ndudu nthawi ya Covid, kuyambira Malichi mpaka Ogasiti. Anzako ankagula zozembetsa pamtengo wokwera, iwe unati basi ndalekera pompa. Tonse pagulu pano tinakuombera m'manja, azakhali mpaka anakutchula m'pemphero la Chaka Chatsopano. Ndiye ine ndikuona kuti chimene chikukudzutsa 2 koloko usiku si mtengo wa timapepala. Wayambiranso, ndipo mlamu sunamuuze. Ukufuna usiye mwakachetechete, umate kapepala mkati mwa malaya, kuti pasapezeke wodziwa kuti unagwapo. Zimenezo sizitheka, aise. Ukabisa kusuta ubisanso chibaba, ndipo tsiku limene chakugwira mwamphamvu palibe woti umuuze kuti chandigwira. Muuze mlamu. Lero, asanagone.

Ndipo usaganize kuti umudzidzimutsa. Amachapa ndani malaya ako? Kamtsikana kako kaja kali ndi mphumu, utsi umatsalira m'zovala ngakhale usutire panja, mayi wake sangalephere kumva. Akungodikira kuti uyambe ndiwe. Zaka zimene unakhala osasuta zija sizinapite pachabe, mapapo anapumula, ndipo njira ukuidziwa kale. Anthu ambiri amene anasiyiratu anayesa kangapo. Gula timapepalato, ee, gula, koma kamate mlamu akuona, ndipo ndalama ya ku spaza uzimupatsa iyeyo asunge. Anzako a nthawi yopuma kuntchito uwauzenso, kuti akamatuluka kukasuta asamakukodole.

Pepa kuti ndanenera pagulu. Ndinaganiza zokuimbira pawekha, koma funso unaliponya pano wekha, ndipo ndikudziwa kuti ukanandiyankha kuti "ndimuuza mnzangayo." Apa tsono tonse tadziwa, palibenso chobisa, chatsala n'choti mlamu amve kuchokera pakamwa pako asanamve kwa achemwali, paja iwo foni sichedwa m'manja. Achemwali, ndakutchulani dala, mudikire mpaka mawa. Azakhali, inunso chonde musamutumizire mavesi khumi, limodzi likwana.

Kwabwera munthu wa chitseko chake, ndithamange. Iwe undiimbire Loweruka madzulo undiuze kuti mlamu wati chiyani. Ndipo ya chiliza cha agogo ija watsala ndiwe wekha, simenti ikukwera.