Foni ya amayi ikungolankhula Chiswahili

Funso: Akonzi, ndimagulitsa makope ndi zolembera ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Mwezi watha ndinawagulira amayi foni ya Android yakaunjika pa msika wa Taifa, koma titayiyatsa tinapeza kuti zonse zalembedwa m'Chiswahili. Amayi amawerenga bwino Chichewa ndi Chitumbuka, koma Chingerezi chimawavuta. Kodi ndingasinthe bwanji chiyankhulo, ndipo ngati Chichewa mulibe, munthu wamba ngati ine angathe kumasulira yekha?

Wowerenga wa ku Chibavi

Yankho: Kusintha chiyankhulo n'kosavuta. Dinani kachizindikiro kooneka ngati giya, kamene m'Chiswahili kalembedwa kuti Mipangilio, kenako lowani pa Mfumo, mupeze Lugha, musankhe Ongeza lugha, ndipo chiyankhulo chimene mwasankhacho muchikokere pamwamba pa mndandanda. Mayinawa amasiyana pang'ono malinga ndi kampani imene inapanga foniyo. Kuyambira pa Android 13, imene inatuluka mu 2022, mapulogalamu ena amalolanso kuti muwapatse chiyankhulo chawochawo osakhudza foni yonse.

Koma musadabwe mukaona kuti Chichewa sichikutuluka. Foni simasulira yokha mawu a pa mabatani ake. Imangotenga mawu amene anthu anamasulira kale n'kuwasunga m'mafayilo a chiyankhulocho, ndipo pamene palibe amene anamasulira, imabwerera ku chiyankhulo chotsatira pa mndandanda, kapena ku Chingerezi. Ambiri amasokoneza zimenezi ndi Google Translate, imene inalandira Chichewa mu 2014 ndi Chitumbuka mu 2024. Imeneyo ingawathandize amayi kumva uthenga umene alandira, koma siisintha mabatani a foni.

Za kumasulira nokha, mapulogalamu amene kampani inatseka simungawakhudze, koma aulere otseguka kwa aliyense amamasuliridwa ndi anthu ongodzipereka. Mwachitsanzo, a LibreOffice, pulogalamu yolembera zikalata, amagwiritsa ntchito tsamba la pa intaneti lomasulirapo lotchedwa Weblate, a Firefox, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, amagwiritsa ntchito lina lotchedwa Pontoon, ndipo monsemo mumaona chiganizo cha Chingerezi mbali imodzi ndi malo olembamo chanu mbali inayo. Pa mindandanda ya ziyankhulo, Chichewa chimadziwika mwachidule ndi zilembo ny, Chitumbuka ndi tum.

Ntchito yeniyeni ili pa chiyankhulo chathu chomwechi, osati pa makinawo. Tengani batani la Save. Womasulira amene sakuona batanilo angalembe kuti "Pulumutsani", ngati kuti chikalatacho chikumira m'nyanja, pamene mawu oyenera ndi "Sungani". Ndiye pali nkhani ya ulemu: kodi foni iwauze amayi anu kuti "Lemba dzina lako" kapena "Lembani dzina lanu"? Kwa ine yachiwiriyo ndiyo yoyenera, chifukwa foni sidziwa ngati ili m'manja mwa mwana kapena mwa agogo, ndipo mukasankha njira imodzi muyenera kuitsatira m'pulogalamu yonse.

Chovuta kwambiri ndi ziganizo zokhala ndi malo osiyidwa, zimene zimaoneka ngati "%s deleted", pomwe pulogalamu imadzaikapo yokha dzina la chinthu. Chingerezi sichisintha mneni, koma ife timati chithunzi chafufutidwa, uthenga wafufutidwa, fayilo yafufutidwa, mafayilo afufutidwa. Mukangosankha chimodzi mwa izi, zinazo zimamveka ngati zolankhula mlendo. Omasulira ochenjera amatembenuza chiganizo n'kulemba kuti "Mwafufuta %s", chimene chimagwirizana ndi dzina lililonse. Kachizindikiro ka %s musakachotse kapena kukasintha, chifukwa pulogalamu ingasiye kuonetsa dzinalo kapena kudzitsekera pomwepo. Kumbukiraninso kuti mawu athu ndi ataliatali ndipo batani ndi laling'ono, choncho "Lekani" ikwanira pamene "Musapitirize zimenezi" idukira pakati.

Pakadali pano, ikani foni ya amayi m'Chingerezi, musiye pa sikirini yoyamba zizindikiro zochepa zimene amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, monga cha kuimba ndi cha mauthenga, ndipo muwalembere pa pepala m'Chichewa tanthauzo la mawu monga Send, Delete ndi Cancel, muliike kuseri kwa foni m'kati mwa chikwama chake.