Mwana wanga akumulanda chakudya ku nazale, azibwezera?

Mayi wina wa ku Chilomoni wanditumizira imelo sabata yathayi. Akuti mwana wawo wazaka 4 wayamba kukana kupita ku nazale, m'mawa uliwonse ndi "m'mimba mukuwawa", kenako anadzaulula kuti kuli kamnyamata kena kamene kamamutsina nkumulanda mandasi ndi Sobo wake. Bambo ake akuti azingomubwezera basi. Ndiye akufunsa kuti atani.

Mayi, mwachita bwino kumukhulupirira mwanayo, ambiri timangoti ndi ulesi nkumukoka dzanja mpaka pageti uku akulira. Koma zobwezerazo ine ayi. Mwana wazaka 4 sasiyanitsa kudziteteza ndi kuyamba ndewu, mukamuuza kuti menya, mawa amenya wina amene wangomuponda mwangozi, ndiye oitanidwa kusukulu mudzakhala inuyo. Komanso ngati mnzakeyo ndi wamkulu thupi, wanuyo amenyedwa kawiri.

Chimene ndimaona ine, kupezererana kwa tiana totere sikuchitika m'kalasi poimba nyimbo ayi. Kumachitika pa buleki, pa mzere wa phala, kuseri kwa toileti, pakatungwe, malo amene anti atembenuka kapena ali pa foni. Ndiye mankhwala ake ndi diso la munthu wamkulu. Pitani mukakumane ndi aphunzitsi, osati pageti mothamanga, khalani nawo pansi muwauze tsiku, malo ndi zimene zikuchitika, muwapemphe kuti nthawi yodya ana azikhala pabwalo limodzi iwo ali pomwepo. Mupite mwaulemu chonde, makamaka ngati ndi sukulu za mkombaphala zam'dera zija zama CBCC, alezi ambiri kumeneko amangodzipereka salandira kanthu ndipo ana amakhala gulu kwa munthu mmodzi.

Zokadikira mayi wa mwana winayo panjira kapena kumuyalutsa pa gulupu ya WhatsApp ya makolo musayerekeze. Kamnyamatako si chigawenga, nakonso sikanafike ndi zaka 6 zoyambira Sitandade 1. Mwina kamachoka kwawo osadya, kukaona mandasi a mnzake mtima supirira. Mwinanso kwawo mbama ndi chilankhulo cha tsiku ndi tsiku. Nchifukwa chake ndimadana nazo aphunzitsi akamathetsa nkhani ngati iyi ndi kabango, mukumenya mwana pomuphunzitsa kuti kumenya nkoipa, aphunzirapo chani?

Kunyumba yesererani ngati sewero. Inu mukhale wolanda uja, iye aime chilili anene mokweza kuti "siya, sindikufuna!" kenako athamangire kwa anti. Bwerezani kangapo mpaka azolowere. Akaweruka musamangofunsa kuti zayenda bwanji, angoti bwino. Funsani kuti wadya ndi ndani, wasewera ndi ndani.

Mukaona mabala, kapena mwana akatchula kuti womumenya ndi munthu wamkulu, imeneyo ndi nkhani ina, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana ya Tithandizane. Mundilembereso pakatha masabata awiri, ndimve ngati m'mimba muja mwasiya kuwawa.