Bowa wofiira wa pansi pa paini: ndiwo kapena chilombo?

Mayi ena a ku Likhubula, m'boma la Mulanje, anditumizira imelo. Akuti mwana wawo pobwera kotola nkhuni kuphiri anatenga bowa wofiira psuu, wa timadontho toyera pamwamba, amene anamuzula pansi pa mitengo ya paini. Agogo ake akuti ndi chilombo, pomwe aneba akuti ukamuwiritsa n'kutaya madzi amadyeka. Akufunsa kuti amvere ndani.

Mayi, mverani agogowo. Mmene mwamufotokozeramo, bowayo ndi amene akatswiri amamutcha Amanita muscaria. Mukamutembenuza, kunsi kwa chipewa n'koyera mbee, mwendo wake uli ndi kansalu kolendewera ngati siketi, ndipo kutsinde n'kotupa ngati anyezi. Ali ndi poizoni wotchedwa muscimol ndi ibotenic acid amene amasokoneza bongo. Pakangotha mphindi 30 mpaka maola awiri munthu amayamba nseru, chizungulire, kudzandira ngati woledzera, kubwebweta, kenako tulo tofa nato. Mwana ndi nkhalamba ndiwo amavutika kwambiri. Zotaya madzizo musayesere pa banja lanu, poti mumphika simungaone poizoni amene watsala.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'chakuti bowayu ndi mlendo. Ndelema ndi manyame amene tinakula tikuzula amamera m'nkhalango za masuku ndi mombo, utale pachulu, ndipo amayi athu amawadziwa ngati ana awo. Koma paini uja anadzalidwa ku Chambe, pa phiri la Mulanje, kwawo ndi ku Mexico, ndipo bowa wofiirayu amakhala momatirira ku mizu ya paini, n'chifukwa chake amapezeka kumene kunadzalidwa mitengoyi. Mvula ikagwa yambiri m'Januwale, timadontho tija timakokoloka, kufiira kuja n'kusuluka kukhala ngati lalanje. Apo ndiye mwana wa diso losazolowera amamuponya mudengu limodzi ndi ndiwo zenizeni.

Zoti bowa akadyedwa ndi nkhono kapena anyani ndiye kuti ndi wabwino, musazikhulupirire. Mimba yathu si yawo.

Ngati wina walawako kale, musadikire kuti muone mmene kuchere. Thamangirani naye kuchipatala cha pafupi kapena cha boma ku Mulanje, mutanyamula bowa wotsalayo kuti adokotala akamuone. Mwanayo musamukalipire. Loweruka likubwerali apite ndi agogo ake kunkhalango ya masuku, akamusonyeze ndelema weniweni ali m'nthaka, asanamuzule.